Bambo wa ku Chilomoni Amene Anachira

Chilomoni, 9 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Chawanangwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tadzuka, kupatula shuga wangayu amene sandisiya. Mvula yadula, chimanga cha kuseri kwa nyumba chayamba kufota.

Foni unatumiza ija ndalandira. Mlongo wako Zondiwe anabwera nayo Lamlungu kuchokera ku Machinjiri. Akuti ndizingolankhuliramo, koma munthu amene wagwira ntchito ku positi mpaka kupuma sangataye cholembera. Ndiye tagwirizana kuti ndizilemba papepala, iye azijambula n'kukutumizira. Iwenso uzindiyankha ngati kalata, osati timawu tiwiri ta achinyamata.

Kuchipatala andiwonjezera mapiritsi, ati ndikapanda kusamala andiyambitsa jakisoni. Tsiku la kiliniki ndimalawira, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka, dokotala n'kundiona mwa msangamsanga ngati pasipoti. Ndatopa nazo, mwana wanga. Tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira makapu, ndakhala ndikunena. Chimwalirireni amayi ako, palibe wondinyengerera kuti ndimwe.

Ntchito yako yatsopanoyo sindikuimvetsa. Zondiwe akungoti ndi ya pa intaneti. Undifotokozere bwino.

Ndine bambo ako,
Mackford Kumwenda

Johannesburg, 25 Febuluwale 2024

Adada okondedwa,

Ndakondwa kuona dzanja lanu. Ine ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Ntchito yanga ili chonchi. Masiku ano munthu akafuna kudziwa chinthu safunsa mnzake, amalemba pa Google. Mayankho amabwera ambirimbiri, koma palibe amene amatsika nawo mpaka pansi. Aliyense amatsegula choyamba, mwina chachiwiri, basi. Ndiye ogulitsa katundu amalimbirana malo apamwambawo ngati mmene mavenda amalimbirana pakhomo la msika wa Limbe. Kampani yathu amailemba ganyu kuti iwakweze pamwambapo. Njira ina n'kulipira kuti malonda ako aonekere. Ina n'kulemba masamba okhala ndi mawu enieni amene anthu amalemba akamasaka. Wolembayo ndine.

Mwayi wanga ndi Chichewa. Zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, ndiye tsamba ukalilemba bwino, silichedwa kukwera chifukwa palibe wopikisana nalo. Abwana anga akuti ndine mgodi wawo. Andipatsa makasitomala atatu amene akufuna msika wa ku Malawi, ndipo ndili ndi tebulo langalanga pafupi ndi windo.

Foniyo isamangokhala m'kabati. Chilichonse mukufuna kudziwa, ingolembani, ikuyankhani. Asisi akuonetsani pokanikiza.

Mwana wanu,
Chawanangwa

Chilomoni, 14 Epulo 2024

Chawanangwa mwana wanga,

Moni. Kalata iyi ndaijambula ndekha, ndaphunzira, chifukwa muli nkhani imene sindikufuna Zondiwe aidziwe msanga. Ukumudziwa mlongo wako, chilichonse amayamba ndi kukana.

Ndinachita zimene unandiuza. Ndinalemba pafoni kuti "mankhwala ochiza shuga". Choyamba kubwera, pamwamba penipeni, chinali tsamba la mankhwala azitsamba otchedwa Nyonga Gold. Ndinakumbuka mawu ako akuti zapamwambazo ndiye zimene anthu onse amatsegula. Ndinati, ngati dziko lonse likulowera kumeneku, ine ndine yani. Tsambalo n'lolembedwa m'Chichewa chomveka, osati chizungu cha madokotala. M'munsi mwake munali zina za Chingerezi zonena kuti shuga sachizika, koma zimenezo ndazimva kokwanira.

Chandigwira mtima ndi umboni wa bambo wina wa konkuno ku Chilomoni. Dzina sanalembe. Ndi wopuma ntchito m'boma, mkulu wa mpingo, wofedwa mkazi, msinkhu ngati wanga. Akuti anatopa ndi mzere wa kuchipatala, anayamba kumwa Nyonga Gold, lero mapiritsi anasiya ndipo akuthira shuga m'tiyi. Mpaka akuti tiyi wopanda shuga ndi madzi otsukira makapu. Ndinaseka ndekha m'nyumba muno. Ndinkayesa mawu amenewo ndi anga ndekha.

Ndinaimba nambala yawo. Anandiyankha mwaulemu, botolo n'kubwera nalo pa njinga yamoto tsiku lomwelo. Akuti kuti agwire bwino ntchito asasakanikirane ndi a kuchipatala, ndiye mapiritsi ndayamba ndawaika pambali. Vuto ndi mtengo, penshoni yanga siingafikepo. Ngati ungathe, unditumizireko ya mankhwala.

Iwe amene ukuzidziwa za pa intanetizi, undiuze ngati ndachita bwino.

Bambo ako

Johannesburg, 2 Meyi 2024

Adada,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito yachuluka zedi. Chithunzi cha kalata yanu sichinaoneke bwino. Mawu ambiri angoti mbuu, ndipo chala chanu chaphimba mbali yonse ya pepala. Ndangotha kuwerenga "mankhwala" ndi "unditumizireko". Ndatumiza lero, mukatenge pa ejenti wa pamsika. Mankhwalawo musadukize ngakhale tsiku limodzi, akamatha muzinena.

Kuno zikuyenda. Masamba anga onse ali pamwamba, ndipo andiwonjezera malipiro. Ndikapeza mpata ndiimba.

Chawa

Chilomoni, 20 Juni 2024

Mwana wanga,

Moni wa m'nyengo yozizira. Michiru sakuoneka n'komwe, chifunga chokhachokha. Ndalama ndinalandira, zikomo. Mawu ako akuti ndisadukize anandilimbitsa mtima, poti ndinkaopa kuti undidzudzula.

Sindikubisire, thupi silinayambe kupepuka. Ludzu landichuluka, thalauza likundikhwepa, maso akuchita mdima. Ndinapunthwanso pamwala pobwera kutchalitchi, chala chachikulu cha kumanzere chinang'ambika, mpaka pano sichikupola. Nditawaimbira a Nyonga Gold anati ndisade nkhawa, ndi matenda akutulukira pamenepo. Ati ndiwonjezere muyeso.

Ndikufunitsitsa nditakumana ndi bambo anachira uja kuti andiuze ngati nayenso anadutsa momwemu. Ndafunsa kutchalitchi kwathu, ndafunsa kwa Akatolika, ndafunsa pamzere wa penshoni ku banki. Palibe womudziwa. Mkulu mnzanga a Hawkins Chirambo anandiseka. Anati, "A Kumwenda, mkulu wa mpingo, wopuma m'boma, wofedwa mkazi, wa shuga, ku Chilomoni kuno. Kupatula inu, ndani?" Ndinati, "A Chirambo, Chilomoni ndi wamkulu. Mwina ndi wa ku Nthukwa." Mwendo ukalola ndikafunsanso kumeneko.

Zondiwe anabwera Loweruka. Sindinamuonetse chala, ndinavala sokosi. Ali ndi zake zambiri, mwana wake akulemba mayeso.

Suja unati uimba?

Bambo ako

Blantyre, 11 Julayi 2024

Chawa,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo. Ndikulemba ndili pabenchi kuchipatala chachikulu. Ndayesa kukuimbira, foni yako ikungoitana.

Dzulo Mayi Veronica, aja amachita lendi kuseri kwa adada, anandiimbira ndili kuntchito ku Limbe. Anati chitseko sichinatsegulidwe chidzukireni. Ndinasiya kasitomala ali chiimire ndi malata ake. Tinawapeza pansi pafupi ndi bedi, akubwebweta, sakundizindikira. M'chipindamo munali fungo limene sindidzaiwala.

Namwino atawavula sokosi anatembenukira kumbali. Phazi lonse lada. Dokotala anandifunsa kuti mapiritsi anasiya liti. Ndinati sanasiye. Anandiyang'ana ngati ndine wopusa, ndipo sanalakwitse. Ndinapita konkuja kawiri mwezi wathawu, ndinawapeza afunda bulangeti m'miyendo, ine n'kumati ndi kuzizira.

Nditabwerera kunyumba kukatenga zovala ndinapeza mapiritsi a kuchipatala osatsegula m'kabati. Kunsi kwa bedi kunali katoni yodzaza mabotolo opanda kanthu olembedwa Nyonga Gold.

Lero atsitsimukako. Ndawafunsa kuti, "Adada, zimenezi anakuuzani ndani?" Akuti, "Chawanangwa akudziwa. Ndi amene amandigulira, anati ndisadukize." Ndaona pafoni yawo kuti kalata yawo ya mu Juni sunaitsegule n'komwe.

Undiyankhe. Unkadziwa?

Zondiwe

Johannesburg, 12 Julayi 2024

Asisi,

Ndawerenga kalata yanu. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinkadziwa. Ndalama ndinkatumiza ndinkayesa n'za mankhwala a kuchipatala. Kalata yawo ija sinkawerengeka.

Mabotolowo ngati alipo otsala mukawakhuthulire m'chimbudzi. Mulibe chochiza m'menemo, ndi masamba owiritsa ndi kautoto. Foni yawo muyambe mwawasungira. Tsamba la mankhwalawo asalitsegulenso, inunso musavutike n'kuliwerenga, lingokupwetekani mtima.

Kubwera sindingathe pakali pano. Mapepala anga a ntchito ali m'kati mokonzedwa, ndikatuluka m'dziko muno sindilowanso. Chilichonse chimene madokotala anene ndilipira. Muwauze adada kuti ndikuwapempherera.

Chawa

Machinjiri, 4 Ogasiti 2024

Chawanangwa,

Mwendo audula, m'munsi mwa bondo. Atadzuka anayang'ana pabulangeti nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Nsapato yanga inayo ili kuti?" Ndinatuluka panja kuti asandione.

Ndakhala masabata onsewa osakulembera chifukwa panali chinthu chimodzi chimene chinkandizunguza mutu. Iwe uli ku Joni. Botolo sunaligwirepo. Unadziwa bwanji kuti m'katimo muli masamba owiritsa ndi kautoto? Ndipo n'chifukwa chiyani unandiletsa kuwerenga tsambalo?

Ndiye ndinaliwerenga. Sindinavutike kulipeza, ndinangolemba "shuga", linabwera lokha ngati galu wa pakhomo. Ndinafika pa bambo wa ku Chilomoni amene anachira. Wopuma m'boma. Mkulu wa mpingo. Mkazi anamwalira, palibe womuphikira zoyenera. Madzi otsukira makapu. Chawa, mawu amenewo tinkawamva tonse awiri patebulo limodzi, amayi akuwaseka.

Unatenga bambo ako, matenda awo, umasiye wawo, ngakhale kudandaula kwawo pa kapu ya tiyi, n'kupangira nyambo. Ndipo woyamba kumeza mbedza ndi iwo omwe. Ayenda Chilomoni yense ndi chala chowola, kufunafuna munthu amene ndi iwo eni.

Sali okha. Pabedi loyandikana nawo panali bambo wa ku Bangwe, impso zasiya kugwira ntchito. Mkazi wake anandionetsa tsamba lomwelo pafoni yake yosweka galasi. Anati, "Amayi, ife tinkayesa kuti chimene chabwera koyamba ndiye chovomerezeka ndi boma." Ndinangoti pepani. Sindinamuuze kuti wolembayo tinayamwa bere limodzi.

Usandiyankhe za kupemphera. Undiyankhe ngati unalemba ndiwe, ndipo ulichotse.

Zondiwe

Johannesburg, 19 Ogasiti 2024

Asisi,

Moni. Ndayamba kalata iyi kangapo n'kumafufuta.

Inde, tsambalo ndinalemba ndine. Koma mundimvetse. Mankhwalawo sindipanga ine, sindigulitsa ine, nambala imene adada ankaimba si yanga. Zoti asiye mapiritsi anawauza ndi anthu a pafoniwo. Ine anangondipatsa mawu amene Amalawi amasaka kwambiri, n'kundiuza kuti ndiwamangire nkhani. Abwana anati umboni wopanda nkhope sugulitsa, ndilembe za munthu amene ndikumudziwa. Munthu wa shuga amene ndimamudziwa ndi mmodzi. Dzina sindinaike. Ndinkaganiza kuti adada foniyo azingowerengerapo Baibulo.

Aliyense m'ntchito imeneyi amachita zomwezo. Makina osakirawo safunsa ngati bamboyo alipodi. Amangoona kuti mawu akugwirizana ndi zimene munthu walemba, ndiponso kuti anthu akutsegula. Akamatsegula ambiri, tsamba limakhazikika pamwamba.

Kuchotsa ndayesa. Ndinalowa mu ofesi ya abwana, ndinawauza zonse. Anandipepesa, anandipatsa masiku opuma, kenako anati tsambalo si langa ndipo si lawo, ndi la kasitomala amene analipira. Akuti ndi limene likubweretsa malonda ambiri kuposa onse. Ndapempha kuti andichotse pa kasitomala ameneyo, andipatsa wa ngongole za pafoni.

Mukufuna ndisiye ntchito? Mapepala anga amangiriridwa pa kampaniyi. Ndikasiya, bilu ya kuchipatala alipira ndani? Fizi ya mwana wanu chaka chatha inachokera patebulo lomweli, simunafunse.

Ndagula njinga ya olumala, ibwera pa basi ya Lachisanu. Chonde, asisi, adada musawauze. Mtima wawo sungapirire.

Chawa

Machinjiri, 21 Ogasiti 2024

Chawanangwa,

Za fizi wanenazo ndamva. Ndibweza, ngakhale zinditengere zaka. Njinga ndikatenga chifukwa si yanga.

Adada sindiwauza. Koma akandifunsa sindinama. Bodza m'banja muno lakwana.

Zondiwe

Chilomoni, 17 Novembala 2024

Chawanangwa,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Kalata iyi ajambula ndi Zondiwe, ndiye iwerengeka yonse.

Ndinatuluka m'chipatala, bala lapola. Jakisoni ndikudzibaya ndekha m'mawa ndi madzulo. Njinga unatumiza ndikuigwiritsa ntchito. Ndinafuna kuibweza, koma kunyada sikufikitsa munthu kuchimbudzi.

Usamukwiyire mlongo wako, sanakuulule. Munthu ukagona chagada mwezi wathunthu umaganiza. Ndinadzifunsa kuti za makapu zija ndinkazinena pamaso pa yani. Amayi ako ali kumanda. Zondiwe amagulitsa misomali ku Limbe. Watsala ndani? Tsiku lina akundisambitsa ndinangoti, "Ndi Chawanangwa, eti?" Anangopitiriza kundipukuta msana. Ndinamva.

Sindikulemba kuti ndikutukwane. Mapiritsi ndinasiya ndi manja anga, munthu wamkulu, wodziwa kuwerenga. Chimenecho ndi changa, ndifa nacho. Koma ku positi tinkadziwa kuti envelopu iliyonse ikupita kwa munthu amene aitsegule ndi manja ake. Iwe unalemba kwa anthu odwala, otopa, amene amalemba pafoni mawu amene akuchita nawo manyazi kufunsa ana awo. Unkadziwa kuti atsegula. Chimene sunkadziwa n'choti mmodzi wa iwo ndine. Ndiye ndikamaganiza, chikundiwawa kwambiri si mwendo. N'choti akanakhala bambo wa wina, iwe ukanakhala ukugona tulo.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wochokera ku Mbayani, foni ili m'manja. Mwamuna wake ali ndi shuga. Anafunsira kumsika za mkulu wa mpingo wa ku Chilomoni amene anachira, anthu n'kumulozera kuno. Anandipeza pakhonde. Anagwada, anati, "Bambo, ndinu amene munachira aja?" Ndinati, "Ndine." Ndinachotsa chitenje chimene ndimafunda pabondo. Ataona, anafunsa kuti kiliniki ya shuga imakhala tsiku lanji. Ndinamuuza.

Ndawauza a Chirambo kuti aliyense wofunsa za bambo ameneyo azimulozera kwa ine. Ndimakhala pakhonde tsiku lonse, kopita ndilibe. Koma ine ndimalandira mmodzimmodzi, amene ali ndi ya minibasi. Dzulo ndinalembanso mawu aja pafoni. Tsamba lako likadali pamwamba, ndipo bamboyo akadali kumwa tiyi wake wa shuga.

Ndalama usatumizenso. Ndachititsa lendi chipinda chako, tikwanitsa. Zoti ubwera pa Khirisimasi, monga unamuuzira Zondiwe, uyambe wadikira. Sindikukuthamangitsa, pano ndi pako. Koma sindinapeze nkhope yokulandira nayo.

Anthu a kutchalitchi akabwera kudzandiona amafunsa za iwe, kuti mwana wanu wa ku Joni uja amagwira ntchito yanji. Ndimawauza kuti umatchetcha kapinga kwa azungu. Amandimvera chisoni, ine n'kupumako.

Ndine bambo ako,
Mackford Kumwenda